Mtima ukathamanga mwadzidzidzi muli pa njinga: mafunso ndi mayankho kwa opalasa a ku Kasungu

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pakati pa anthu opalasa njinga kuno ku Kasungu: akabaza a pa boma, alimi onyamula matumba a soya ndi mtedza, ogulitsa makala ndi nkhuni, komanso achinyamata amene ayamba kupalasa ngati masewera atavala mawotchi owerenga mtima. Mayankhowa sakulowa m'malo mwa kupimidwa kuchipatala. Alembedwa kuti muzitha kusiyanitsa mtima umene ukuthamanga chifukwa cha ntchito ndi mtima umene wathamanga paokha.

Kodi mtima wa munthu wamkulu umayenera kugunda kangati pa mphindi imodzi?

Munthu wamkulu akakhala pansi, wapuma ndipo sakudwala, mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi. Amene amapalasa tsiku ndi tsiku nthawi zambiri amakhala m'munsi, pa 60, 55, ena mpaka 50, chifukwa mtima wozolowera ntchito umakankha magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Ngati mulibe chizungulire kapena kufooka, zimenezo musade nazo nkhawa.

Pa ntchito yolemetsa mtima uli ndi malire ake. Njira yachidule yoyerekezera malirewo ndi kuchotsa zaka zanu pa 220. Wa zaka 25 apeza 195, wa zaka 40 apeza 180, wa zaka 60 apeza 160. N'kuyerekeza chabe, pakuti anthu obadwa chaka chimodzi amatha kusiyana ndi 10 kapena 20.

Ndilibe wotchi kapena makina. Ndingawerenge bwanji?

Tembenuzani chikhatho chiyang'ane kumwamba. Ikani zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, pamkono pomwe dzanja layambira, mbali ya chala chachikulu. Musadinikize kwambiri. Mukamva kugunda, yang'anani nthawi pa foni, muwerenge kwa masekondi 15, kenaka muchulukitse ndi 4. Mukawerenga 25 ndiye kuti mtima uli pa 100. Mukawerenga 45 uli pa 180. Musagwiritse ntchito chala chachikulu chifukwa nacho chili ndi kugunda kwake, chimasokoneza.

Phunzirani zimenezi lero muli bwinobwino, m'mawa musanadzuke pamphasa komanso mukangotsika pa njinga. Tsiku limene mtima udzakudzidzimutseni mudzakhala ndi mantha, ndipo si nthawi yabwino yoyamba kufunafuna mtsempha.

Ndikamakwera chitunda nditanyamula munthu kapena thumba, mtima umagunda mpaka ndimaumva m'makutu. Ndi matenda?

Nthawi zambiri ayi. Njinga yathu ilibe magiya, payokha ndi yolemera, ndiye muonjezere thumba la makilogalamu 50 kapena mayi ndi mwana wake pa kaliyala. Minofu ya m'miyendo imafuna mpweya wochuluka, ndipo mtima ulibe njira ina youperekera koma kufulumira. Kufika 150 kapena 170 pa chitunda kwa mnyamata n'zoyembekezeka.

Chofunika kuona ndi kakweredwe ndi katsikidwe kake. Mtima wogwira ntchito umakwera pang'onopang'ono pamene chitunda chikukula, ndipo mukafika pamwamba kapena mukatsika n'kuyamba kukankha njinga, nawo umayamba kutsika. Pakatha mphindi imodzi mutaima umayenera kukhala utatsika ndi 12 kapena kuposerapo, ndipo kwa anthu olimba umatsika ndi 20 kapena 30. Pakatha mphindi zisanu phuma latha, mukutha kucheza.

Nanga kuthamanga kwa mwadzidzidzi kumasiyana bwanji ndi kumeneku?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho werengani mofatsa.

Amene zimawachitikira amafotokoza mofanana kwambiri. Munthu akupalasa pamalo osalala, tinene pa M1 kulowera ku Chinkhoma, sakulimbana ndi chitunda chilichonse. Mtima uli pa 120 kapena 130. Mwadzidzidzi, mkati mwa kugunda kumodzi kapena kuwiri, wafika pa 190 kapena 210. Miyendo imalefuka, pakhosi pamagunda, ena amamva ngati m'chifuwa mukunjenjemera. Aima, akhala pansi pa mtengo, koma mtima sukutsika ngakhale pang'ono. Umakhala pomwepo kwa mphindi ziwiri, khumi, mwina ola. Kenaka umaleka kamodzin'kamodzi, monga mmene chigayo chimazimira magetsi akathima, ndipo munthu amapezeka ali pa 90 ngati palibe chachitika. Ena akatero amamva mkodzo wambiri.

Madokotala amatcha vutoli SVT. Kugunda kulikonse kwa mtima kumayambitsidwa ndi kamphamvu konga magetsi kochokera pamalo amodzi m'chipinda cham'mwamba chakumanja, n'kutsikira ku zipinda zam'munsi kudzera njira imodzi. Anthu ena ali ndi kanjira kena kapadera, ambiri amabadwa nako. Tsiku lina kamphamvu kaja kamatsika ndi njira imodzi n'kubwerera ndi inayo, n'kuyamba kuzungulira osaleka, ndipo mtima umagunda pakati pa 150 ndi 250 pa mphindi mosasamala kuti thupi likufuna zimenezo kapena ayi. N'chifukwa chake kupuma sikuutsitsa.

Kwa munthu amene mtima wake uli wabwino m'zina zonse, SVT kawirikawiri siipha. Koma pali mitundu ina ya kuthamanga kwa mtima yochokera ku zipinda zam'munsi imene imayambanso mwadzidzidzi chomwechi, ndipo imeneyo ndi yoopsa kwambiri. Zala zanu sizingasiyanitse ziwirizi. Choncho aliyense amene mtima wake wachitapo zimenezi, ngakhale kamodzi, akapimitse.

Ndi zizindikiro ziti zimene ndiyenera kuthamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo?

Ngati mwakomoka kapena mwatsala pang'ono kukomoka muli mkati mopalasa. Ngati m'chifuwa mukupweteka kapena mukumva kupanikizika, makamaka ululu ukamafika kumkono wamanzere, kunsagwada kapena kumsana. Ngati mukubanika ngakhale mwakhala pansi, kapena mwatuluka thukuta lozizira. Ngati mtima wapitirira 150 ndipo patha mphindi 20 kapena 30 mutapuma osatsika. Ngati pakamwa papotoka, mawu sakumveka bwino kapena dzanja limodzi lafooka.

Palinso china chimene anthu sachiganizira: ngati m'banja mwanu wina anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono, asanakwanitse zaka 40, ali pa mpira, m'munda kapena m'tulo, auzeni a dokotala. Matenda ena a mtima amayenda m'magazi a banja.

Pa zizindikiro zimenezi musadzipalasire nokha kupita kuchipatala. Siyani njinga kwa mnzanu, wina akunyamuleni.

Zikandigwira ndili pamsewu, ndichite chiyani?

Choyamba imani, mutsitse munthu amene mwanyamula, muchoke mumsewu. Musanene kuti ndingofika pa siteji, chifukwa chizungulire chikakupezani pakati pa magalimoto ngozi yake ndi yaikulu kuposa ya mtimawo. Khalani kapena gonani pamthunzi, muwerenge kugunda, muone nthawi imene zayamba.

Ngati palibe chizindikiro chilichonse mwa zija tatchula pamwambapa, ndipo mtima ukugunda mofulumira koma mwadongosolo, pali njira imene imatha kuudula. Kokani mpweya, mutseke pakamwa ndi mphuno, mukankhe mwamphamvu ngati muli kuchimbudzi kwa masekondi 15. Mukangoleka, gonani chagada ndipo mnzanu akweze miyendo yanu m'mwamba kwa masekondi enanso 15. Kuchipatala amachita zomwezi pomuuza wodwala kuti auzire mu sirinji yopanda singano mpaka kamtengo kake kasunthe. Kafukufuku wa ku Britain amene anatuluka mu 2015 anapeza kuti kukweza miyendo kumeneku kunabweza mtima mwa odwala 43 pa 100 aliwonse, pamene kukankha kokha kunabweza 17. Kumiza nkhope m'beseni la madzi ozizira kwambiri kwa masekondi ochepa kumathandizanso ena.

Musatikite kapena kufinya mitsempha ya pakhosi, ndipo musadinikize maso. Ena amalangizana zimenezi koma zitha kuvulaza. Mukayesa kawiri kapena katatu osatheka, ulendo wa kuchipatala. Mtima ukatsika, tsiku limenelo ntchito yathera pomwepo.

Kodi imeneyi si BP?

Ndi zinthu ziwiri zosiyana. BP ndi mphamvu imene magazi akukankhira m'mitsempha, ndipo imayezedwa ndi lamba wa pamkono uja, n'kupereka manambala awiri monga 120 ndi 80. Kugunda kwa mtima ndi nambala yachitatu imene makina omwewo amaonetsa pansi. Munthu atha kukhala ndi BP yokwera kwambiri mtima ukugunda ka 70, osamva kalikonse. Wina atha kukhala ndi mtima wa 200 BP ili yotsika.

Zimakumana pamalo amodzi: BP yokwera ikakhala zaka zambiri osathandizidwa imakulitsa ndi kutopetsa mtima, ndipo mtima wotero suchedwa kusokonezeka kagundidwe. Yezetsani BP yanu. Koma musamwe mapiritsi a BP a mnzanu kapena a amayi anu poti mtima wathamanga.

Bwanji zimachuluka mu Okutobala ndi Novembala?

Kutentha ndi ludzu. Dzuwa likafika pa madigiri 30 ndi kupitirira, munthu wopalasa atha kutaya madzi okwana lita imodzi pa ola kudzera m'thukuta. Magazi amachepa m'mitsempha, ena amapita kukhungu kuti thupi lizizire, ndiye mtima umafulumira kuti ukwanitse ntchito yomwe ija. Ulendo womwewo wa ku Mtunthama umene mu Juni mumayenda mtima uli pa 130, mu Okutobala masana mupeza uli pa 145 kapena 150. Kukwera kotereku kumabwera pang'onopang'ono ndipo kumatsika mukapuma n'kumwa madzi. Koma kwa munthu amene ali ndi kanjira kapadera kaja, kuchepa kwa madzi ndi mchere m'thupi kumathanso kuputa SVT.

Akabaza ambiri amatha tsiku lonse ndi kabotolo kamodzi, ena poopa kusowa pokodzera m'tauni. Yang'anani mkodzo wanu: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, mwatsalira. Mangani botolo la malita awiri pa njinga, muzimwa pang'onopang'ono ludzu lisanakupwetekeni. Thobwa ndi labwino chifukwa lili ndi madzi ndi mphamvu. Tsiku limene mwatuluka thukuta kwambiri kapena mwatsegula m'mimba, sungunulani paketi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi abwino. Ngati palibe, ikani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi. Ndipo musanyamuke m'mawa m'mimba muli pululu.

Ndinadwala malungo sabata yatha. Ndayambanso ntchito koma mtima ukuthamanga ndikangopalasa pang'ono. Chavuta n'chiyani?

Thupi likatentha, digiri imodzi iliyonse imaonjezera kugunda pafupifupi ka 10 pa mphindi. Malungo amaphwanyanso maselo ofiira a magazi, ndipo thupi limatenga masabata kuti libweze. Mutha kumaliza LA bwinobwino, kutentha kwatha, koma magazi akadali ochepa. Yambani ndi maulendo aafupi ndi katundu wopepuka. Ngati patha masabata awiri zisakusintha, kayezetseni magazi.

Chenjezo lina ndi la chimfine champhamvu chokhala ndi kutentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo. Mwa apo ndi apo tizilombo take timatupitsa mnofu wa mtima, ndipo kugwira ntchito yolemetsa nthawi imeneyo n'koopsa. Thupi likatentha, njinga ipume. Tikudziwa kuti tsiku losapalasa ndi tsiku lopanda ndiwo pakhomo, ndipo sitikunena mopepuka. Koma munthu akapezeka ndi mtima wotupa amauzidwa kupuma miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi.

Kuchepa magazi kungachititse zimenezi?

Kwambiri, ndipo n'kofala kuno. Magazi akachepa amanyamula mpweya wochepa, mtima n'kumafulumira kuti ulipire. Munthu amatopa msanga, amachita phuma pa kachitunda kamene kale sankakaona, m'zikhatho ndi m'kati mwa zikope mumayera. Kuchipatala amayeza ndi kadontho ka magazi a pachala. Nambala ya muyesowo ikachepera 13 kwa mwamuna kapena 12 kwa mkazi, magazi achepa. Zoyambitsa zake ndi malungo obwerezabwereza, njoka za m'mimba, likodzo, zilonda za m'mimba zotuluka magazi, kusamba kwambiri kwa amayi ndi zakudya zosakwanira. Musangogula mapiritsi oonjezera magazi osadziwa komwe magaziwo akuthera.

Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyeso chimathamangitsanso mtima usana ndi usiku, munthu n'kumaonda akudya bwino, manja akunjenjemera. Mukaona zotere zitchuleni kuchipatala.

Nthawi yothyola fodya ndimamva nseru, mutu ndi mtima kuthamanga ndikamapalasa kubwerera kumudzi. Zikugwirizana?

Inde, ndipo ku Kasungu kuno funso limeneli n'lalikulu. Masamba aawisi a fodya ali ndi chikonga, ndipo chikongacho chimasungunuka m'madzi. Mukamathyola m'mamawa mame asanaume, kapena mvula itangokata, n'kumakumbatira masamba m'khwapa malaya atanyowa, chikonga chimalowa kudzera pakhungu ngakhale simunasutepo chibadwire. Pakatha maola angapo mumayamba nseru, kusanza, mutu, chizungulire, kufooka, ndipo mtima umasinthasintha kagundidwe. Ambiri amayesa malungo, amakayezetsa osawapeza. Zimatha zokha pa tsiku limodzi kapena awiri, koma mawa lake mukalowanso m'munda zimabwereranso.

Ndiye taganizani munthu amene wathyola kuyambira mbandakucha, wasenza masamba kupita ku chigafa, sanamwe madzi, kenaka akukwera njinga dzuwa lili paliwombo. Chikonga, ludzu ndi ntchito zonse zagwera mtima umodzi.

Dikirani mame aume ngati n'kotheka. Valani malaya a manja aatali, ndipo pamwamba pake pepala la pulasitiki kapena thumba loti madzi asadutse. Malaya akanyowa sinthani, musaume nawo pathupi. Sambani m'manja ndi m'khwapa ndi sopo musanadye komanso musanakwere njinga. Ana asathyole fodya, pakuti thupi lawo ndi laling'ono ndipo chikonga chimawagwira msanga.

Nanga zakumwa zopatsa mphamvu zija, mowa ndi ndudu?

Zakumwa zopatsa mphamvu zadzaza m'maokala ndipo anyamata a kabaza amazikonda. Mphamvu yake yaikulu ndi kafeini ndi shuga. Kachitini ka mamililita 250 kamakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 80 a kafeini, botolo lalikulu kuposa pamenepo, ndipo munthu wamkulu sayenera kupyola 400 pa tsiku kuphatikiza tiyi ndi khofi. Kumwa mabotolo awiri kapena atatu motsatizana m'mimba mulibe kanthu, padzuwa, m'malo mwa madzi, n'kuuputa dala mtima. Ngati munagwidwapo ndi kuthamanga kwa mwadzidzidzi, zisiyeni muone ngati zisintha.

Mowa ndi woipa koposa pa nkhaniyi, makamaka kachasu ndi timabotolo taukali timene munthu amamwa tambiri usiku umodzi. Kagundidwe kosalongosoka kamakonda kubwera m'mawa wa matsire, thupi litauma, tulo tisanakwane. Ndudu ndi chamba nazo zimakweza kugunda kwa mtima.

Pali mankhwala amene amathamangitsa mtima?

Alipo. Salbutamol ndi aminophylline, amene amapatsidwa anthu a mphumu, amachita zimenezi. Mankhwala ena a chimfine otsegula m'mphuno nawonso. Mapiritsi a BP okodzetsa, monga HCT, amatha kuchepetsa mchere wa potaziyamu m'thupi, ndipo munthu wotuluka thukuta tsiku lonse ayenera kuwauza a dokotala mtundu wa ntchito yake. Musasiye nokha mankhwala amene munapatsidwa. Atengeni onse m'kapepala, ngakhale a zitsamba ndi ogula pamsika, mukawaonetse.

Mtima wanga suthamanga mwadongosolo. Umadumphadumpha, pena msanga pena pang'onopang'ono. N'chimodzimodzi?

Kudumpha kamodzi mwa apo ndi apo, ngati mtima waphonya kenaka n'kugunda mwamphamvu, kumachitikira anthu ambiri athanzi. Koma ngati kwa mphindi kapena maola kugunda kulibe dongosolo lililonse, moti simungathe kuombera m'manja motsatira, mwina zipinda zam'mwamba zikungonjenjemera m'malo mokankha. Madokotala amati atrial fibrillation. Kuopsa kwake n'koti magazi amatha kuundana mumtima, kachibuma n'kupita ku ubongo. Munthu wotere ali pa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu kuposa ena, ndipo ambiri amafunika mankhwala oletsa magazi kuundana.

Kumayiko olemera vutoli ndi la okalamba. Kwathu kuno limapezekanso mwa achinyamata a zaka za m'ma 20 ndi 30 chifukwa cha zilonda zapakhosi za paubwana. Mwana wa zaka 5 mpaka 15 akadwala zilonda zapakhosi za bakiteriya osalandira penisilini, nthawi zina thupi limatembenukira mfundo ndi mtima womwe, ndipo timavalavu ta mtima timaonongeka pang'onopang'ono. Papita zaka khumi, munthu wayamba kabaza, ndi pomwe phuma, kutupa mapazi ndi kuthamanga kwa mtima zimaonekera. Ngati paubwana wanu munatupapo mawondo ndi zigongono mukutentha thupi, nenani kuchipatala. Opezeka ndi vutoli amabayidwa jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi kuti mtima usapitirire kuonongeka, ndipo jakisoniyo sadumphitsa. Mwana wanu akadandaula pakhosi thupi likutentha, mutengereni kuchipatala.

Wotchi yanga inaonetsa 215 koma ine ndinkamva bwinobwino. Ndikhulupirire chiyani?

Khulupirirani zala zanu. Imani muwerenge monga tafotokozera. Mawotchi a pamkono amawerenga ndi kuwala kobiriwira koona magazi pansi pa khungu, ndipo amasokonezeka akakhala okhwepa, mukagwira handulo mwamphamvu, kapena pamsewu wafumbi wa mabampu. Nthawi zina amayamba kuwerenga kugwedezeka kwa mkono m'malo mwa mtima. Lamba wowerenga mtima wovala pachifuwa ndi wodalirika koposa, koma nayenso amanama akakhala wouma kumayambiriro kwa ulendo, batire ikamatha, kapena malaya a nailoni akamakupiza ndi mphepo pa mtsetse. Nyowetsani lambayo musanavale.

Nambala yabodza imadumphadumpha ndipo imabwera inu mukupuma bwino, miyendo ili ndi mphamvu. Koma chithunzi cha kugunda kwa mtima chochokera ku wotchi chikaonetsa mzere wokwera chiriri, n'kukhala pamwamba mosasuntha kwa mphindi zingapo, n'kugwanso kamodzi, ndipo nthawi yomweyo munamva mphamvu zikutha, musachifufute. Chisungeni mu foni mukawaonetse a dokotala.

Ndinapita kuchipatala, anandiyeza n'kunena kuti zonse zili bwino. Koma zikuchitikabe. Nditani?

Zimenezi zimakhumudwitsa anthu ambiri, ena mpaka amayamba kuganiza kuti awalodza kapena kuti ndi maganizo chabe. Chifukwa chake n'chakuti makina ojambula kagundidwe ka mtima, a ECG, amaona zimene zikuchitika pa masekondi ochepa amene mwagona pabedipo. Ngati SVT yatha kale, pepala limatuluka labwino. Kwa ena okha kanjira kapadera kaja kamasiya chizindikiro ngakhale mtima uli phee.

Ndiye ntchito ina ndi yanu. Kumapeto kwa kabuku kanu ka kuchipatala, kapena mu foni, lembani nthawi iliyonse zikachitika: tsiku, ola, mumachita chiyani, munawerenga kangati, kunali kwadongosolo kapena ayi, zinayamba ndi kutha mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, zinatenga mphindi zingati, munadya ndi kumwa chiyani dzulo lake. Munthu amene wangonena kuti mtima umandithamanga ndi wovuta kumuthandiza. Amene wanena kuti Lachiwiri ndinawerenga 48 pa masekondi 15, zinatha mphindi 12, zinaleka nditakankha mpweya, wawapatsa a dokotala pogwira.

Yambirani pa chipatala chapafupi, kumene angayeze malungo, magazi, shuga ndi BP. Pakafunika adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Kasungu, ndipo zikafuna akatswiri a mtima ulendo ndi wa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Zikakugwirani muli pafupi ndi chipatala, pitani zisanathe ndipo pemphani kuti akujambuleni nthawi yomweyo. Pepala limodzi lojambulidwa mtima uli mkati mothamanga limayankha zimene maulendo ambiri analephera. Likatuluka, lijambuleni pa foni, chifukwa inki yake imafufutika.

Kodi mankhwala ake alipo? Ndiyenera kusiya kupalasa?

Zitengera chimene chapezeka. Ngati ndi ludzu, malungo, kuchepa magazi, chikonga kapena zakumwa, kukonza chimenecho n'kokwanira. SVT yobwera kamodzikamodzi n'kutha msanga, ambiri amakhala nayo pongodziwa njira yoidulira ndi kupewa zoiputa. Yobwera pafupipafupi ili ndi mapiritsi ochepetsa liwiro la mtima, monga atenolol ndi propranolol. Dziwani kuti mukamamwa amenewa mtima sukwera monga kale, choncho pa chitunda mudzatopa msanga, ndipo anthu a mphumu sayenera kumwa popanda a dokotala kudziwa za mphumuyo. M'zipatala zazikulu zokhala ndi akatswiri a kagundidwe ka mtima amatha kulowetsa kawaya kudzera mumtsempha wa m'ntchafu n'kutentha kanjira kapadera kaja, ndipo ambiri amachira kotheratu.

Kupalasa pakokha n'kwabwino kwa mtima ndipo anthu ambiri sauzidwa kusiya. Amene ayenera kuimika njinga mpaka atapimidwa ndi amene anakomokapo, amene amamva ululu m'chifuwa akamapalasa, ndi amene akudziwa kale kuti mtima wawo uli ndi vuto. Wa kabaza akumbukire kuti kumbuyo kwake kuli moyo wa munthu wina. Ngati mukudikira zotsatira, pemphani anzanu a pa siteji akusiyireni maulendo aafupi a m'tauni, katundu wolemera apite ndi ena.

Mnzathu akagwa pa njinga n'kusiya kuyankha, tichite chiyani tisanafike naye kuchipatala?

Muchotseni pamsewu mosamala, makamaka khosi ngati wamenyetsa mutu. Muitaneni mokweza, mugwedezeni paphewa, muone ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika. Ngati akupuma bwino, mugonekeni chammbali, mumasule lamba ndi mabatani, wina athamangire galimoto. Musamuthire madzi kapena chakumwa chilichonse m'kamwa asanatsitsimuke, angatsamwe.

Ngati sakupuma, kapena akungokoka mpweya mwa apo ndi apo ngati akulira mkonono, mtima waima ndipo mphindi iliyonse ndi yofunika. Mugonekeni chagada pamalo olimba. Gwadani pambali pake, ikani tsinde la chikhatho pakati pa chifuwa, dzanja linalo pamwamba pake, zigongono zowongoka. Dinikizani mwamphamvu kuti chifuwa chilowe masentimita 5 kapena 6, n'kuchilola chibwerere, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kutanthauza pafupifupi kawiri pa sekondi iliyonse. Ntchitoyi imatopetsa msanga, choncho muzisinthana pakatha mphindi ziwiri zilizonse popanda kudukiza. Musaope kuthyola nthiti, nthiti imapola. Pitirizani ngakhale muli m'galimoto, mpaka munthuyo atayamba kupuma yekha kapena a chipatala atamulandira. Wapampando wa siteji yanu atha kupempha a zaumoyo a m'dera lanu kuti adzakuonetseni kachitidwe kake ndi manja, tsiku limene mumakumana.